Timizere Tanga pa Chiponde cha Alamu

Ndakhala ndikupanga chiponde zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo palibe amene anandifunsapo nambala. Munthu ankatsegula botolo, kununkhiza, kupisamo chala ngati ndi wopanda mwambo, n'kugula. Dzina langa ndine Susana, kwathu ndi ku Msakambewa, m'mapiri momwe mtedza wa chalimbana umabereka popanda kuunyengerera. Ndimakazinga ndekha, kupukusa, kupeta, kenako kugaya pa kachigayo ka pamanja kamene mwamuna wanga Stephano anandigulira chaka chimene fodya anamukomera.

Lachinayi lililonse ndimakwera njinga yamoto, katoni ya mabotolo ili pamiyendo, ulendo wa ku Mponela ku sitolo ya Che Ramadani. Malo anga m'sitolomo ndi pa shelefu yachiwiri kuchokera pansi, pafupi ndi shuga. Ndi kamalo kotalika ngati mkono wanga, koma ndimakanyadira, chifukwa ndi pokhapo pamene anthu osandidziwa n'komwe amafika n'kufunsa kuti chiponde cha mayi uja chabwera kodi. Kumudzi ndine mkazi wa Stephano basi.

Chaka chino mwezi wa Meyi ndinapeza zinthu zasintha. Pa kauntala panali kompyuta, ndipo Shamim, mwana wamkazi wa Che Ramadani amene tsopano ndiye amayendetsa sitoloyo, anali ndi kamakina m'manja kooneka ngati mpini wa chipande chachikulu, kotulutsa kuwala kofiira. Akakalozetsa pa sopo kankalira, akakalozetsa pa machesi kankalira. Atakalozetsa pa botolo langa kanangoti zii, ngati mpongozi wokwiya.

"Mwaona amayi?" anatero Shamim. "Sikakukudziwani. Kuyambira mwezi wa mawa katundu wopanda bakhodi sitilandiranso."

"Bakhodi ndiye chiyaninso?"

"Timizere iti." Anandionetsa kumbuyo kwa paketi ya mchere. Timizere takuda, tina tonenepa, tina toonda, pansi pake manambala.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Mwanayu ndinamuona akukwawa pakhonde pa sitolo yomweyi, lero akundiuza kuti kachitsulo sikakundidziwa. Koma Shamim ndi wofatsa ngati mayi ake. Anandikokera mpando, n'kuyamba kundiphunzitsa uku akugulitsa.

Anati timizereto si mankhwala ayi, ndi nambala yomwe ili pansiyo, yongolembedwa m'njira imene makina amatha kuwerenga. Manambala ake ndi khumi ndi atatu. Oyambirirawo amanena za mwini katundu, otsatirawo amanena katundu wake, ndipo womalizayo ndi mlonda wa anzake, makina akawerenga molakwika iye amakana. Anati mtengo mulibe m'timizeremo, mtengo umakhala m'kompyuta, ndiye zinthu zikakwera palibe chifukwa chomatula kalikonse. Anati botolo lalikulu likhale ndi nambala yake, laling'ono yake, chifukwa katundu aliyense ndi nambala yake. Ndimate poyera, posakwinyika, ndisagwire ndi zala zamafuta, ndipo m'mbali mwa timizereto ndisiye malo oyera kuti kuwala kuja kudziwe poyambira ndi pothera.

Ananena zambiri, ndipo zonse zinali zoona. Koma ine mutu unali pa wanjinga amene ankandidikira panja akuliza belu. Pa zonse zija ndinatolapo chimodzi chokha: wopanda timizere salowa m'sitolo. Ndinationa ngati chitupa cha pachipata, chimene ukachionetsa mlonda amakutsegulira. Safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse.

Shamim anandithandiza kulembetsa pa foni yake ku ofesi yopereka manambalawo. Patapita milungu itatu anandipatsa mpukutu wa masitika a botolo lalikulu, osindikizidwa bwinobwino. Pa sitikapo panalibe dzina, panalibe chithunzi, timizere ndi manambala basi. Ndinamata imodzi pa botolo pomwepo. Kamakina kanalira, ndipo pa kompyuta panatuluka mawu akuti Chiponde cha Susana, botolo lalikulu. Ndinamuuza kuti abwereze. Anabwereza katatu, akuseka, mpaka bambo wina amene anali pa mzere anayamba kutsokomola mwadala.

Kumudzi nkhani siyenda pansi. Pofika Lamlungu mphakati wathu wonse wa kutchalitchi unali utamva kuti Susana ali m'kompyuta. Lolemba m'mawa, chisanu cha Juni chikuluma, kunabwera alamu anga a Margareta.

A Margareta ndi mkazi wa mlongo wanga Elifala. Anawatenga chitengwa zaka makumi awiri zapitazo, ndipo nyumba zathu zimayang'anizana, pakati pali mtengo wa mango wokha. Tinalera ana limodzi, kulira maliro limodzi, ndipo kukwaya timaima moyandikana ngakhale iwo amakonda kuthamangitsa nyimbo. Nawonso anali atayamba kupanga chiponde, atandionera ine, koma ankangogulitsa pamsika ndi pasukulu.

"Alamu," anatero atakhala pamkeka, "ndamva kuti timizere tija akupatsani tambiri."

"Mpukutu wathunthu. Sindidziwa ngati ndidzaumalize chaka chino."

"Ndigawireniko pang'ono. Che Ramadani ali ndi sitolo ina ku boma la Ntchisi, ndinapitako ndi mabotolo anga koma anandibweza. Akuti opanda timizere salandira."

Sindinaganize kawiri. Kwathu kuno munthu akapempha chimene uli nacho chochuluka, ukamukaniza ndiye kuti wadzitchula wekha dzina loipa. Kupatsa n'kuika, tinakula tikumva choncho. Ndipo kunena zoona ndinamva kukoma kukhala ine wopatsa. Ndinatenga sizasi, kudula masitika makumi anayi, n'kuwapatsa. Ndinawaphunzitsanso ngati katswiri: mumate poyera, posakwinyika, musagwire ndi zala zamafuta. Zonse zazing'ono ndinazikumbukira, chachikulu chokha ndi chimene ndinasiya ku Mponela.

Anapita ku Ntchisi Lachitatu, anabwerako akumwetulira. Wogulitsa wa kumeneko sankandidziwa nkhope. Analozetsa kamakina, kanalira, analandira katundu. Tonse awiri tinakondwa, ndipo Elifala anapha nkhuku.

Panatha mwezi ndi theka. Tsiku lina masana, ndikuanika mtedza pabwalo, foni inalira. Anali Shamim, ndipo mawu ake sanali a masiku onse.

"Amayi, mubwere mawa. Chiponde chanu tachichotsa pa shelefu, kuno ndi ku Ntchisi komwe."

"Chalakwa chiyani?"

"Namwino wina wabweza botolo. Akuti ndi chowawa, chikununkha chuku. Anthu ena awiri adandaulanso. Adadi akufuna akuoneni."

Ndinafika ku Mponela dzuwa lisanatenthe. M'njira monse ndinkakonza mawu. Ine mtedza wanga ndimasankha umodziumodzi, wofota ndi wakuda ndimataya, nkhuku zanga zimanenepa ndi umenewo. Ndinatsimikiza kuti kachitsulo kaja kanama, ndipo ndinali wokonzeka kukanena pamaso pa aliyense.

Pamalo panga pa shelefu panali mabotolo a jamu. Zimenezo zinandipweteka kuposa foni ija.

Che Ramadani anandilandirira m'kachipinda ka kumbuyo, pakati pa matumba a mpunga. Ndi bambo wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, amene pa zaka zonsezi sanandinyozepo. Shamim anaika mabotolo awiri patebulo. Onse anali ofanana, poti tonse timagula mabotolo kwa munthu mmodzi pamsika. Analozetsa kamakina pa loyamba, n'kundionetsa pa foni yake yolumikizidwa ndi kompyuta: Chiponde cha Susana. Analozetsa pa lachiwiri, mawu omwewo.

"Ili ndi la kuno, ili ndi la ku Ntchisi," anatero. "Lawani."

Loyamba linali langa. Lachiwiri ndisanalifikitse n'kukamwa komwe ndinali nditadziwa. A Margareta ali ndi chizolowezi chimene ndinawaletsapo kangapo: pofuna kuswa mtedza amauwaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Ambiri kwathu amatero. Koma mtedza wonyowa ukauika m'thumba umachita chuku, ndipo chuku chikalowa, ngakhale ukazinge bwanji sichichoka. Ndinameza kachiponde kowawako chifukwa panalibe polavulira.

"Ichi si changa," ndinatero.

"Ifenso tikudziwa kuti si dzanja lanu," anayankha Che Ramadani. "Koma lisiti la namwino uja likunena dzina lanu. Kompyuta ikunena kuti ku Ntchisi kunalowa mabotolo anu makumi atatu ndi limodzi. Inu munapitako liti ku Ntchisi?"

"Sindinapiteko."

"Ndiye alipo wakuberani masitika. Tiuzeni amene mukumuganizira. Ngati ndi kuba, mlandu si wanu, mawa lomwe chiponde chanu chibwerera pamalo pake, ndipo wakubayo tikamutula kupolisi."

Anandiikira njira yotulukira pamaso panga, yotakata bwino. Ndikanangogwedeza mutu movomera. Ndinayang'ana thumba la mpunga. Ndinaona a Margareta atakhala pa benchi ya kupolisi, chitenje chawo cha Amayi Achikatolika chili m'chiuno, Elifala ataima panja chipewa chili m'manja. Ndinachita mantha ndi mtima wanga, chifukwa kwa kanthawi unafunadi kugwedeza mutu.

"Sanabe munthu," ndinatero. "Ndinapereka ndekha. Ndi alamu anga."

Shamim anagwira pakamwa. "Amayi, munapereka? Ndinakuuzani kuti katundu aliyense ndi nambala yake."

"Unanena za botolo lalikulu ndi laling'ono. Awo anaika m'botolo lalikulu."

Che Ramadani anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. Shamim anakhala pansi pafupi nane n'kuyambiranso phunziro lija, ulendo uno ine ndikumva ndi makutu onse awiri. Anati kamakina sikanama, koma sikadziwanso zambiri. Sikanunkhiza, sikalawa, sikaona nkhope ya wobweretsa katundu. Kamangowerenga chimene mwamata n'kukhulupirira. Timizere tija tikakhala pa botolo ndiye kuti inu mukuuza sitolo, ndi wogula, ndi aliyense wodzafufuza, kuti chili m'katimu ndapanga ndine, chikavuta mufunse ine.

"Ndiye kuti ndinawabwereka dzina langa," ndinatero.

"Eya amayi. Kambirimbiri, botolo lililonse."

Ndinamva manyazi ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikusankha mtedza umodziumodzi, n'kudzadula dzina langa ndi sizasi m'mawa umodzi, ndikumwetulira.

Che Ramadani anafunsa kuti ndinapereka angati. Nditanena kuti makumi anayi, anati ndiye kuti asanu ndi anayi akadali kunja.

"Ine vuto langa ndi limeneli, mayi. Malinga ngati masitika amenewo ali m'manja mwa munthu wina, botolo lililonse lonena dzina lanu sindingalikhulupirire. Mubwere nawo onse asanu ndi anayi pofika Lachisanu, ndiwaone ndi maso anga. Mukatero malo anu ndikubwezerani. Mukalephera, musandiimbe mlandu."

"Kwathu chinthu ukapereka sulandanso, bambo."

"Kwathunso n'chimodzimodzi. Koma sitolo si kwathu."

Shamim anandiperekeza mpaka pa msewu. Anati alamu anu akafuna, ndidzawathandiza kulembetsa nambala yawoyawo, bola asiye kunyowetsa mtedza. Ndinathokoza, ngakhale ndinkadziwa kuti mawu amenewo ndi ovuta kuwanyamula kuposa katoni ya mabotolo.

Lachitatu lonse ndinazungulirazungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira. Stephano anati ingopita ukanene, nanga si zako. Amuna amaona zinthu mophweka choncho. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo uyu sanali khoswe n'komwe, anali munthu amene anandigwira dzanja pobadwa mwana wanga womaliza. Ndinaganizapo zotuma Elifala, koma ndinaona kuti kumeneko ndiye kunyoza kwenikweni. Lachinayi dzuwa litapendeka ndinadutsa pansi pa mango paja.

Ndinawapeza pakhonde akupukuta mabotolo. Analipo asanu ndi anayi, odzaza, omata kale timizere tanga poyera, posakwinyika, monga ndinawaphunzitsira. Anati mawa akupita nawo ku Ntchisi, ndipo amafuna kudzandipempha masitika ena.

Ndinakhala pansi. Ndinayamba ndi za chisanu, za chifuwa cha Elifala, za nyimbo ya Lamlungu. Kenako ndinanena zonse: foni ya Shamim, namwino, jamu pa shelefu yanga, mabotolo awiri patebulo. Za apolisi zokha ndinasunga, ndipo mpaka lero sadziwa.

Anamvetsera osandiyang'ana, nsanza ili m'manja.

"Ndiye mwabwera kudzatani, alamu?"

"Ndabwera kudzapempha timizere tija."

"Kudzalanda."

"Kudzapempha. Ndinalakwa ndine, sindinamvetse kuti ndi chiyani. Tili ngati dzina, alamu. Shamim akuti akuthandizani kupeza lanulanu."

"Ndiye chiponde changa ndi chimene chaipitsa dzina lanu."

"Ndi madzi aja mumawaza pa mtedza. Ndinakuuzanipo."

Apo ndinalakwitsa, ndinadziwa mawu asanathe kutuluka. Zinali zoona, koma sinali nthawi yake. A Margareta anapinda nsanza ija bwinobwino n'kuiika pambali.

"Zaka makumi awiri ndili pamudzi pano," anatero motsitsa mawu. "Ndinkayesa kuti ndinasiya kukhala mlendo."

Anatenga botolo loyamba n'kuyamba kumatula ndi chikhadabo. Masitika aja amagwira zolimba, sachoka msanga. Ndinatenga lachiwiri. Tinakhala choncho pakhondepo, akazi awiri akuluakulu, tikukanda mabotolo osalankhulana, ana akutisuzumira kuseri kwa nkhokwe. Sitika iliyonse ikachoka ankaimata pa chikuto cha kope lakale la mwana wawo, mwadongosolo, kuti Che Ramadani akathe kuwerenga. Atakwana asanu ndi anayi anang'amba chikutocho n'kundipatsa ndi manja awiri, ngati mmene timapatsira alendo.

Lachisanu ndinali ku Mponela. Che Ramadani anawerenga, anagwedeza mutu, n'kuuza Shamim kuti achotse jamu uja. Anandilangizanso kuti ndisindikize pepala la dzina langa ndi mudzi wanga lomata kutsogolo kwa botolo, kuti munthu aziona ndi maso zimene makina akuona. Ndinaika mabotolo anga ndekha pa shelefu. Ndinayembekezera kuti ndisangalala, koma chimwemwe chake chinali chochepa, ngati ndiwo zopanda mchere.

M'njira yobwerera ndinkadziuza kuti chibale ndi fupa sichiola, kuti pakatha sabata tidzaseka. Wanjinga ananditsitsa pa mphambano, ndinayenda pang'onopang'ono kukwera kamtunda ka kwathu.

Pakhonde panga panali katundu. Poyamba ndinayesa kuti kwabwera alendo. Nditayandikira ndinazindikira chiwaya changa chakale chokazingira, chimene chinapita kwa a Margareta mwana wawo woyamba ali kumsana. Panali sefa, lichero, nkhwangwa yaing'ono ya Stephano, buku la nyimbo lopanda chikuto, singano ziwiri zolukira zobayidwa pa kansalu, ndi botolo la mafuta a nyale lotsala theka. Zina ndinali nditaiwala kuti zinali zanga. Zonse zinali zotsukidwa, zoikidwa mwadongosolo pa mkeka, ndipo mkekawo unalinso wanga.

Stephano anati a Margareta anabwera nazo maulendo atatu, osanena kanthu, kupatula kuti muwauze alamu awerenge ngati zakwana.

Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, osasamala kuti ana akuona. Nditatha ndinayamba kulowetsa zinthuzo m'nyumba chimodzichimodzi. Pansi pa lichero ndinapeza mbale yachitsulo ya maluwa obiriwira, yobenthuka m'mphepete. Ndinaitembenuza kangapo. Sinali yanga. Sindinakhalepo ndi mbale yotero, ndipo ndikudziwa bwino kuti anabwera nayo kuchokera kwawo tsiku limene Elifala anawatenga. Kaya anasokoneza m'kupsa mtima, kaya anachita dala, sindidziwa.

Miyezi inayi yatha tsopano. Timapatsana moni, kukwaya timaimabe moyandikana, koma palibe amene wadutsa pansi pa mango paja kukapempha kanthu kwa mnzake. Mbale ija ndinaitsuka, ili pa alumali pafupi ndi khomo. Masiku ena ndimaitenga n'kufika nayo mpaka pakhonde, kenako ndimabwerera, chifukwa ndikakangoipereka ndiye kuti pakhomo panga sipatsalanso chilichonse cha a Margareta.